Phukusi la mcrypt litasowa pa seva: zomwe tinapeza pansi pake

Bungwe lomwe nkhaniyi ikukhudza ndi laling'ono, la mamembala, ndipo ntchito yake yambiri imadutsa mu pulogalamu imodzi ya pa intaneti yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha PHP. M'menemo ndi momwe amalembetsa mamembala atsopano, kusunga manambala a ziphaso zawo ndi a maakaunti awo a kubanki, komanso kukonza malipiro mwezi ukamatha. Amene analemba pulogalamuyo anachoka kalekale, osasiya ngakhale tsamba limodzi lofotokoza zomwe imafuna kuti iyende. Seva inali pa Ubuntu 16.04, yomwe imabwera ndi PHP 7.0, ndipo pambali pake panali Apache, yotumiza masamba a pa intaneti, ndi MySQL 5.7, yosunga database.

Chithandizo chanthawi zonse cha Ubuntu 16.04 chinatha mu Epulo 2021, choncho woyang'anira makompyuta wa bungwelo anaganiza zokweza seva. Anatsata njira yoyenera ndithu. Anayamba watenga kope la zonse, kenako n'kuyendetsa do-release-upgrade, yomwe imakweza sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 16.04 kupita pa 18.04. Atamaliza anayatsa PHP 7.2 mu Apache, tsamba loyamba linatseguka, dzina ndi mawu achinsinsi zinalandiridwa, iye n'kuuza akuluakulu kuti ntchito yatheka.

Chizindikiro choyamba

Ogwira ntchito atabwerera mu ofesi, mndandanda wa mamembala unkaoneka bwinobwino, koma akati atsegule zolemba za membala mmodzi ankangoona tsamba loyera. Mu log ya Apache munali mzere umodzi wobwerezabwereza: Call to undefined function mcrypt_decrypt(), kutanthauza kuti PHP sinkapeza mcrypt, chowonjezera chomwe pulogalamuyo inkatsekera ndi kutsegulira zolemba zachinsinsi. Woyang'anirayo anachita zomwe aliyense wa ife akanachita. Analemba apt install php-mcrypt, ndipo apt, chida choikira maphukusi a mapulogalamu pa Ubuntu, inayankha kuti phukusilo has no installation candidate, kutanthauza kuti palibe loti liikidwe. Anayesa php7.2-mcrypt, yankho n'kukhala Unable to locate package. Anaona ngati gawo la nkhokwe za maphukusi a Ubuntu lotchedwa universe linali lotsegula, anayendetsanso apt update, koma ayi ndithu.

Apa anatembenukira ku PECL, nkhokwe ya zowonjezera za PHP zolembedwa mu C. Anaika php-dev, php-pear, libmcrypt-dev ndi zida zomangira, n'kumanga mcrypt pa seva pomwepo. Kumanga kunayenda. Akalemba php -m mu terminal, dzina la mcrypt linkaoneka pa mndandanda, koma tsamba linali loyerabe. Ine ndinaitanidwa zinthu zili pamenepa, malipiro a mwezi atayandikira, akuluakulu atayamba kale kukamba zobwerera ku seva yakale.

Vuto la tsamba loyera linali laling'ono. Pa Debian ndi Ubuntu, PHP ya mu terminal ndi PHP ya mu Apache siziwerenga fayilo imodzi ya makonzedwe. Ya mu terminal imawerenga za mu /etc/php/7.2/cli, ya Apache imawerenga za mu /etc/php/7.2/apache2. Mnzathuyu anali atalemba extension=mcrypt.so mu php.ini ya cli yokha, ndipo php -m imangonena za cli. Tinachotsa mzerewo, tinaulemba mu fayilo yakeyake /etc/php/7.2/mods-available/mcrypt.ini, tinayendetsa phpenmod mcrypt, n'kuyambitsanso Apache. Zolemba za mamembala zinabwerera ndipo malipiro anatuluka pa nthawi yake.

Kwa a mu ofesi nkhani inathera pomwepo. Ine ndinapempha kuti tikhale pansi, chifukwa funso lenileni linali lisanafunsidwe: phukusili linasoweranji?

Chifukwa chimene linasowera

Sikuti osamalira maphukusi analiiwala. Chowonjezera cha mcrypt ndi kamlatho chabe pakati pa PHP ndi laibulale yotchedwa libmcrypt, ndipo laibulaleyo inatuluka komaliza mu 2007, pa nambala 2.5.8. Kuchokera pamenepo palibe amene ankaikonza. Olemba PHP anaika chenjezo pa mcrypt mu PHP 7.1, kenako mu PHP 7.2, yomwe inatuluka mu Novembala 2017, anaichotsa m'thupi la PHP n'kuisiya ku PECL. Mu 7.2 momwemo analowetsamo sodium, chowonjezera chatsopano chotsekera zinsinsi. Maphukusi a mtundu wa php7.0-gd kapena php7.0-mcrypt amamangidwa kuchokera ku khodi ya PHP yomweyo, ndiye chinthu chikachoka m'menemo, phukusi lake limasowa nalo, pokhapokha wina adzipereke kulisamalira palokha. Pa 18.04 phukusi loterolo panalibe.

Chimene chimandipatsa chidwi n'chakuti chenjezo linaperekedwa, koma bungweli silikanaliona. PHP imachenjeza mu mtundu umodzi n'kudzachotsa mu wina wa m'tsogolo, ndipo pa mcrypt unali wotsatira. Ubuntu ya nthawi yaitali imatuluka zaka ziwiri zilizonse, ndipo 16.04 inali ndi 7.0 pamene 18.04 inali ndi 7.2. Mtundu wa 7.1, womwe ukanadzaza log ndi mawu a Deprecated, anaudumpha osadziwa kuti audumpha. Pa Debian kudumpha kwake n'kokulirapo: Debian 9 inali ndi 7.0, Debian 10 n'kubwera ndi 7.3. Amene mumadalira PHP ya mu distro (mtundu wa Linux monga Ubuntu kapena Debian), machenjezo ambiri sadzakupezani mu log. Muyenera kukawawerenga nokha mu fayilo ya UPGRADING ya mtundu uliwonse womwe mukuudutsa, ngakhale umene simudzauika.

Akuluakulu anafunsa funso loyenera: ngati zikuyenda, tivutikiranji? Ndinawaonetsa pa kompyuta. Ndinalemba dpkg -S ndi njira ya fayilo ya mcrypt.so, ndipo dpkg inayankha kuti palibe phukusi lomwe likuidziwa fayiloyo. Tanthauzo lake n'lakuti zigamba za chitetezo zomwe zimabwera ndi apt sizidzaikhudza. PHP 7.2 yokha olemba ake anasiya kuithandiza mu Novembala 2020, koma pa 18.04 inali m'gawo la main, lomwe a Ubuntu amalisamalira okha, ndiye ankapitiriza kuiika zigamba. Fayilo yomangidwa pamanja inalibe woiyang'anira wina kupatula ife. Walira mvula walira matope: amene wamanga chowonjezera yekha walandiranso udindo wochisamalira, ngakhale sanaufune.

Kenako ndinawaonetsa dzina la chikwatu chomwe fayiloyo inkakhala, /usr/lib/php/20170718. Manambalawo si tsiku lomwe seva inakonzedwa, ndi nambala ya API ya PHP 7.2, yosonyeza mtundu wa PHP womwe chowonjezera chinamangidwira. Ubuntu 20.04 ili ndi PHP 7.4, yomwe nambala yake ndi 20190902, ndipo chowonjezera chomangidwira 7.2 sichingalowe mu 7.4. Tsiku lokwezanso seva, tsamba loyera lija likanabwerera, mwina panthawi yomwe aliyense waiwala kuti panali chinthu chomangidwa pamanja.

Tinakambirananso za PPA (nkhokwe ya maphukusi ya kunja) ya Ondřej Surý, yomwe imalola kuika mitundu ingapo ya PHP pa seva imodzi. Sindiinyoza konse, mwini wake ndi amene amasamaliranso maphukusi a PHP mu Debian, ndipo ndaigwiritsapo ntchito pomwe inkafunika. Koma kuno ikanangotibisira vuto. Ikanasinthanso amene tikumudalira pa zigamba za PHP yonse chifukwa cha chowonjezera chimodzi, komanso do-release-upgrade imazimitsa nkhokwe za kunja ikamakweza, ndiye likanakhala dzenje lina lodikira woyang'anira wotsatira. Kubwerera ku 16.04 tinakukana msanga. Tinagwirizana kuti mcrypt ya PECL ikhale yongowolokera, ndipo tsiku loichotsa linalembedwa mu mgwirizano wa ntchito.

Pamene zinthu zinatembenukira

Tinkaganiza kuti ntchito yotsala ndi yochepa. Lamulo la grep -rn mcrypt_ linaonetsa kuti khodi yonse inkadalira mafankishoni awiri okha, wotseka ndi wotsegula, mu fayilo imodzi. Woyang'anira uja, pa kope loyesera, anasintha mcrypt_decrypt n'kuikapo openssl_decrypt ndi aes-256-ecb, kiyi yemweyo. Sizinatsegule kalikonse. Anayesa makonzedwe ena a padding (kudzaza malo otsala mu uthenga wotsekedwa), zotuluka n'kukhala zizindikiro zosawerengeka.

Chifukwa chake chinali mu mawu amodzi a mu khodi: MCRYPT_RIJNDAEL_256. Olemba mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ankaisankha poganiza kuti ndi AES-256, njira yovomerezeka yotsekera uthenga, koma si yomweyo. Rijndael, yopangidwa ndi Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, imalola kuti uthenga udulidwe m'zidutswa za kukula kosiyanasiyana. NIST, bungwe la miyezo la boma la America, poikhazikitsa ngati AES mu 2001 inatenga zidutswa za mabiti 128 zokha, ndipo manambala 128, 192 ndi 256 a mu dzina la AES amanena kutalika kwa kiyi. Mu mcrypt, 256 wa pa RIJNDAEL_256 amanena kukula kwa chidutswa. OpenSSL imadziwa AES, Rijndael ya zidutswa za mabiti 256 siidziwa. Akanakhala kuti wolemba uja anasankha RIJNDAEL_128, kusintha kukanatheka, bola kusamala kuti mcrypt imadzaza malo otsala ndi maziro pomwe OpenSSL imagwiritsa ntchito PKCS#7.

Apa mpamene tinazindikira kukula kwa nkhaniyi. Manambala onse a ziphaso ndi a kubanki anali otsekedwa m'njira yomwe, pa seva yonseyo, laibulale yakufa ija yokha ndi yomwe inkatha kutsegula. Kusintha khodi kokha sikukanakwanira. Pankafunika kutsegula mzere uliwonse wa mu database ndi chida chakale n'kuutsekanso ndi chatsopano, chida chakalecho chikadalipo.

Titayang'anitsitsa tinapeza zina. Khodi inkagwiritsa ntchito MCRYPT_MODE_ECB, yomwe ikapatsidwa mawu ofanana imatulutsa zobisika zofanana nthawi zonse. Zimenezi zinkaoneka ndi maso mu database: mamembala a nthambi imodzi ya banki anali ndi zilembo zofanana ndendende m'danga la nambala ya nthambi, moti munthu wopanda kiyi akanatha kuwaika m'magulu. Kiyi naye anali md5 (chidindo cha zilembo 32 chowerengedwa kuchokera ku mawu) ya mawu ena olembedwa mu fayilo ya makonzedwe. Zilembo 32 za md5 zimadzaza malo a kiyi wa mabaiti 32, koma mkati mwake muli mabiti 128 okha, ndipo mphamvu yake yeniyeni imathera pa mawu oyambawo.

Tinasankha sodium_crypto_secretbox chifukwa sodium inali kale pa mndandanda wa PHP 7.2 ya pa sevayo, yochokera mu phukusi la distro, ndipo ili ndi zosankha zochepa zomwe munthu angalakwitse. Imafuna kiyi wa mabaiti 32 ndi nonce (nambala yogwiritsa ntchito kamodzi kokha) ya mabaiti 24 yomwe imasintha nthawi iliyonse, ndipo imaonjezera chidindo cha mabaiti 16 chotsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe. Sitinalembe pamwamba pa zakale. Tinaika madanga atsopano pambali pa akale, ndipo sikiripiti yosamutsira inkatenga mzere, kuutsegula ndi mcrypt, kuchotsa maziro a kumapeto, kuutseka ndi sodium, kuulemba mu database, kenako kuuwerenganso kuchokera mu database momwemo, kuutsegula ndi kuuyerekeza ndi woyamba uja. Zonsezi zinayamba pa kope loyesera.

Sitepe yomalizayo, yomwe ena angaione ngati yochedwetsa, ndi imene inagwira vuto la madanga. Madanga atsopano anali atapatsidwa kukula kwa akale, VARCHAR(64). Kale nambala ya zilembo 20 inkadzazidwa mpaka mabaiti 32, omwe mu base64 (njira yolembera mabaiti ngati zilembo) amakhala zilembo 44, ndiye inkakwana. Tsopano nambala yomweyo inali mabaiti 20, kuphatikiza 24 a nonce ndi 16 a chidindo, onse 60, omwe mu base64 ndi zilembo 80. MySQL 5.7 mwachibadwa imakana zinthu zotalika kuposa danga, koma pulogalamuyi ikamalumikizana ndi database inkatumiza lamulo lofufuta sql_mode, makonzedwe omwe amachititsa kukanako, ndipo sikiripiti inkadutsira mu khodi yolumikizira yomweyo. Database inkangodula ku zilembo 64 osakana. Kuyerekeza kukanachitika mu memory zisanalembedwe, mizere yonse ikanaoneka yabwino, ndipo zodukazo zikanadzadziwika madanga akale atafufutidwa kale.

Vuto lachiwiri linatulukira kwa wogwira ntchito wina amene tinamupempha kuti ayese kope monga amachitira tsiku lililonse. Kufufuza membala ndi nambala ya chiphaso kunasiya kupeza aliyense. Khodi yakale inkatseka nambala yomwe yalembedwa m'bokosi lofufuzira n'kufunafuna mzere wa zobisika zofanana, kutanthauza kuti inkadalira kufooka kwa ECB kuti igwire ntchito. Ndi nonce yosinthasintha, zobisika sizifanananso. Tinaonjezera danga lina losunga hash_hmac ya sha256 ya nambalayo (chidindo chomwe chimatuluka chofanana nthawi zonse pa nambala yomweyo), ndi kiyi wina wosiyana ndi wotsekera, ndipo kufufuza kunasamukira kumeneko. Njirayi imaululabe kuti mizere iwiri ili ndi nambala imodzi, ndiye tinaiika pa nambala ya chiphaso yokha, yomwe sibwerezedwa, osati pa za kubanki.

Lachitatu silinathe bwino lonse. Mizere ina yakale kwambiri inkatuluka zinyalala ikatsegulidwa, popanda uthenga uliwonse wa vuto. Mcrypt sitsimikizira kanthu, ukaipatsa kiyi wolakwika imangokupatsa mabaiti ena ngati kuti zonse zili bwino. Sikiripiti ikanatsekanso zinyalalazo mokhulupirika, n'kuyerekeza n'kupeza kuti zikufanana. Zinagwidwa chifukwa tinaika muyeso woti chotsegulidwa chizioneka ngati nambala ya chiphaso kapena ya akaunti, apo ayi mzerewo uikidwe pambali. Zinapezeka kuti kiyi anasinthidwapo zaka za m'mbuyo popanda kusamutsa zakale. Ogwira ntchito anati ankaziona zizindikiro zachilendozo pa mamembala ena akale, ndipo ankangoti ndi mmene kompyuta imachitira. Kiyi woyamba tinamupeza mu fayilo ya makonzedwe ya m'kope lina lakale, ndipo anatsegula yambiri mwa mizereyo. Yochepa inakana makiyi onse awiri. Ofesi inachita kufunsanso eni ake.

Zotsatira

Kusamutsa kwenikweni kunachitika pulogalamu itatsekedwa kwa kanthawi, ndipo kunadutsa popanda chachilendo. Madanga akale anakhalapo mpaka malipiro a mwezi wotsatira atatuluka ndi kuwerengedwa, kenako anafufutidwa. Tinayendetsa phpdismod mcrypt, pecl uninstall mcrypt, n'kuchotsa zida zomangira pa seva yomwe imaonekera pa intaneti, pomwe sizinayenera kukhala.

Panatsala chinthu chomwe ambiri timachiiwala, makope osungira. Makope onse a database a zaka za m'mbuyo akadali otsekedwa ndi Rijndael ya 256, ndipo bungwe ngati ili limafunika kuwasunga. Kuchotsa mcrypt popanda kuganizira zimenezi n'kusunga makope omwe palibe angawawerenge. Apa tinagwiritsa ntchito phpseclib, laibulale yolembedwa mu PHP yeniyeni, yosafuna kumangidwa, yomwe Rijndael yake imalola kusankha zidutswa za mabiti 256. Tinalemba kasikiripiti kowerengera kokha, tinakayesa pa kope lakale, n'kukasunga kunja kwa seva pamodzi ndi malangizo, makiyi akale n'kuwasunga kwina. A phpseclib ali ndinso mcrypt_compat, yomwe imabweza mafankishoni onse a mcrypt_ popanda chowonjezera. Kwa amene akufuna kuwoloka popanda kumanga chilichonse, ndi njira yabwino kuposa yomwe tinaipeza itayambidwa kale kuno. Koma ikasiyidwa mpaka kalekale, ECB ndi kiyi wa md5 zimakhalabe pomwepo.

Pulogalamuyo tinaipatsa composer.json, fayilo ya Composer (chida choikira malaibulale a PHP), yotchula chowonjezera chilichonse chomwe imadalira, monga ext-sodium, ext-mbstring ndi ext-gd, kuti composer check-platform-reqs izinena chosowa anthu asanachione pa tsamba. Chizolowezi chomwe ndinasiyira woyang'anira uja, chomwe ndingalimbikitsenso anzanga, sichitenga nthawi: musanakweze, tengani mndandanda wa zowonjezera wa PHP ya pa intaneti, osati wa terminal wokha, tsegulani container (kamalo koyesera kodzipatula) ya distro yomwe mukupitako, ndipo funsani apt-cache policy za phukusi lililonse. Chomwe chasowa, fufuzani chifukwa chake musanafufuze njira yochibwezera. Nthawi zina ndi dzina lokha lomwe lasintha. Ku Fedora ndi ku nkhokwe za EPEL ndi za Remi Collet, zochokera ku PECL zimayamba ndi php-pecl-, pomwe Debian imangoti php- ndi dzina. Nthawi zina chinthu chalowa m'kati mwa PHP, monga json yomwe kuyambira PHP 8.0 singazimitsidwe ndipo sifunanso phukusi lakelake. Koma nthawi zina chachotsedwa dala, ngati mafankishoni a mysql_ mu 7.0, wddx mu 7.4 ndi xmlrpc mu 8.0, ndipo pamenepo muyenera kufunsa ngati pali deta yomwe chinthucho chokha chimadziwa kuwerenga.

Seva inakwezedwa kupita pa 20.04, kenako pa 22.04 yomwe ili ndi PHP 8.1. Panali zokonza zina za khodi yakale, koma palibe chowonjezera chomwe chinasowa mwadzidzidzi. Poyang'ana kutsogolo, woyang'anira uja anapeza yekha kuti kagawo kena ka pulogalamu kamawerenga makalata a mamembala kudzera mu imap_open. Ubuntu 24.04 ili ndi PHP 8.3, momwe imap ikadali m'thupi la PHP, koma PHP 8.4 ya mu Novembala 2024 inaisamutsira ku PECL pamodzi ndi pspell ndi oci8, chifukwa laibulale ya c-client yomwe imap imadalira nayonso inasiya kukonzedwa kalekale. Kuno palibe deta yotsekeredwa, makalata ali pa seva ya makalata ndipo chida china chilichonse chodziwa IMAP chingawawerenge. Bungwe lavomereza kuti kagawoko kalembedwenso ndi laibulale ya PHP yeniyeni yoikidwa ndi Composer, ndipo ntchitoyo yaikidwa kuti ithe seva isanachoke pa 22.04.